Malipiro a Mmisiri Ali ndi Liu

Akristu okondedwa a m'mbali mwa nyanja, ndi inu aphunzitsi amene mudzawerengera anthu mau awa m'machalichi a kumidzi kumene wansembe safika Lamulungu liri lonse: pa 1 Meyi Eklezia amakumbukira Yosefe Woyera monga mmisiri. Cikondwerero cimeneci adacikhazikitsa Papa Pius XII m'caka ca 1955, kuti onse odya za manja ao adziwe kuti ali ndi nkhoswe kumwamba, munthu amene adalidziwa fungo la matabwa ndi kulemera kwa nsompho. Pa tsiku lotere nkwapafupi kutamanda nchito ndi mau okoma, nkubalalika. Ife tsono tikambe za cimene cikuliza mabanja ambiri kuno ku Salima: mmisiri nchito adaigwira, nyumba idatha, eni ake akugonamo, koma iye ndalama zake sanazione.

Tiyambe ndi nkhani ya kukonza nyumba yakale, imene iri m'buku laciwiri la Mafumu, mutu 12. Nyumba ya Mulungu ya ku Yerusalemu idaali ndi ming'alu. Mfumu Yoasi adalamula ansembe kuti aikonze ndi ndalama zimene anthu ankabwera nazo. Ndalama ansembewo ankalandira ndithu. Koma pofika caka ca 23 ca ufumu wake, ming'alu idaali cikhalire. Pamenepo wansembe Yehoyada adatenga bokosi, naboola cibvundikiro cake, naliika pambali pa guwa. Bokosilo likalemera, kunkabwera anthu awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, nkuwerengera pamodzi ndalamazo, nkuzipereka kwa akapitao oyang'anira nchito. Akapitao ndiwo ankalipira amisiri a matabwa, omanga ndi osema miyala, nagula mitengo ndi miyala yosema. Wolemba bukulo adasunganso zinthu ziwiri zimene ife tikadaziiwala. Coyamba, pa ndalamazo sadasulitsepo mbale zasiliva kapena malipenga okometsera mapemphero. Zonse zidapita kwa ogwira nchito. Caciwiri, akapitao aja sankafunsidwa za m'mene adagawira, pakuti adaali anthu okhulupirika.

Taonani manja atatu amene ndalama ya nchito yomanga imadutsamo: dzanja la mwini, dzanja la kapitao, dzanja la mmisiri. Ikaima pa dzanja lapakati, khoma silimatidwa ndipo mwana wa mmisiri agona ndi njala. Ndipo musathamangire kuloza zala kunja kwa mpanda wa chalichi, pakuti m'nkhani iyi amene ndalama idaima m'manja mwao adaali ansembe.

Dziko lathu lino la kunyanja silipumitsa amisiri. Cifikire njanji ku Salima m'caka ca 1935, anthu akhala akumanga m'mphepete mwa madzi, ndipo comangidwa pa mcenga cimafuna kukonzakonza. Mwera ukaomba umatukula malata. Ciswe cimadya mapaso mwakacetecete. Dzimbiri limagwira citsulo. Acikulire akukumbuka cibvomezi ca pa 10 Marichi 1989, cimene cidang'amba makoma nicisiya anthu zikwizikwi opanda pogona. Ana omwe akukumbuka caka ca 2024, pamene nyanja idakwera kuposa m'mene idakwerera zaka zambiri zapitazo, nilowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwake. Madzi ataphwa, nchito idaculuka: kusintha pulasitala wonyowa, kukweza maziko, kuika mawaya atsopano, kupentanso.

Eni ambiri a nyumba za ku Senga Bay ndi za kumwera kulinga ku Chipoka sakhala kuno. Wina ali ku Lilongwe, amabwera Loweruka. Wina ali ku Johannesburg kapena ku London, amaona nyumba yake pa zithunzi za pa foni. Munthu wotere sangathe kupangana ndi amisiri khumi. Amapangana ndi mmodzi, kontrakitala, nampatsa ndalama m'zigawo. Kontrakitala tsono amaigawa nchito. Denga alipatsa kalipentala wa pa Kamuzu Road, mapaipi apatsa pulambala, mawaya apatsa wamagetsi, zitsulo za m'mazenera apatsa wowocherera. Ali yense wa awa ali ndi anyamata ake, wina wosakaniza matope, wina wokankha wilibala. Kumbuyo kwao kuli amai otunga madzi ndi osenza mcenga, kuli woocha njerwa, kuli mwini ngolo. Mmisiri wapakatiyu ndiye ali pa moto: kumwamba kuli womukongola, pansi kuli omudikira. Kawirikawiri misomali ndi mapaipi adatenga pa ngongole ku sitolo, kapena adakongola ku banki mkhonde, penanso kwa wakatapila, poyembekeza kuti nchito ikatha abweza.

Nchito itatha, mau ake mumawadziwa nonse. Bwerani Lacisanu. Bwana sanatumize. Ndiri ku maliro. Kenaka foni siyankhidwa. Kenaka mumva kuti kontrakitala uja wayamba nyumba ina ku Nkhotakota. Akapanikizidwa, mwadzidzidzi apeza kuti denga lidapendekeka, ngakhale tsiku lolikhoma adaliyamikira yekha.

Ndilankhule poyamba kwa inu akontrakitala, pakuti ena mwa inu mumakhala pa mabenchi a kutsogolo. Ndidziwa kuti ambiri simudayambe ndi mtima wakuba. Mudachula mtengo wotsika kuti nchito isapite kwa wina. Simenti idakwera muli pakati. Ndalama ya nyumba iyi mudatsekera nayo dzenje la nyumba ija, ya nyumba yacitatu mudzatsekera nayo dzenje la iyi. Koma munthu woyenda cotero akukumba dzenje kuti akwirire dzenje, ndipo dothi lotsiriza amalitenga pa mbale ya mmisiri, cifukwa ndiye wopanda loya, wopanda galimoto, wocita manyazi kubwera kacisanu. Mwini sitolo mumamuopa, pakuti mawa akumanani katundu. Banki mumaiopa. Wosauka yekha ndiye simumuopa, ndipo ndiye amene Mulungu adasankha kumuimira.

Malembo sanong'ona pa nkhani iyi. Lamulo la Mose, m'buku la Levitiko mutu 19, limaletsa kugona ndi malipiro a wanchito kufikira m'mawa. Deuteronomo mutu 24 amabwereza, nanena kuti alipidwe dzuwa lisanalowe, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo, cifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa ndalamayo. Akapanda kulipidwa adzadandaula kwa Mulungu, ndipo mlandu udzagwera womumana. Mneneri Yeremiya, pa mutu 22, adatemberera mfumu Yehoyakimu cifukwa ca nyumba: idaali ya zipinda zam'mwamba, ya mazenera otambalala, ya matabwa amtengo wapatali, yopakidwa utoto wofiira, koma omanga ake sadalandire kanthu. Mneneriyo akadayenda lero pa mcenga wa ku Senga Bay, kodi sakadaima pa zipata zina? Ndipo Yakobe Woyera, pa mutu 5 wa kalata yake, akuti malipiro obisidwawo iwo eni amapfuula, ndi kuti kulira kwa anchito kwafika kale m'makutu a Ambuye. Ncifukwa cake katekismu amene tidaphunzira tiri ana amawerenga kumana wanchito malipiro ake pakati pa macimo anai olira kwa Mulungu, pamodzi ndi kupha munthu mwadala. Papa Leo XIII adakumbutsa olemera a ku Ulaya zomwezo m'kalata yake ya Rerum Novarum m'caka ca 1891.

Mudzati: ine sindikukana, ndikungocedwa. Kucedwa kumene ndiko kudya. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi, imene inkagulidwa pafupi K1,180, idafika pa K1,700. Mmisiri amene mudamusungira ndalama zake kudutsa miyezi imeneyo, ngakhale mudampatsa zonse osacotsapo tambala, mudampatsa theka la thumba m'malo mwa thumba. Pa nthawi yomweyo ciongoladzanja ca wakatapila sicidagone tulo, mwana adabwezedwa ku sukulu, feteleza wa caka cimeneco sadagulidwe. Zimenezo ndani adzabweza?

Mudzatinso: ndidzalipira ndikalipidwa. Kodi mmisiri adapangana ndi yani? Mwini nyumba mudamusankha ndinu, mtengo mudachula ndinu, phindu likadaculuka likadakhala lanu. Cotero tsoka la kusalipidwa ndi lanunso. Ngakhale aboma a maiko ena adaciona cinyengo ca mau amenewa: ku Britain lamulo la 1996 lidaphwanya mphamvu ya pangano lonena kuti mmisiri adzalandira pokhapokha kontrakitala atalandira, kupatula pamene mwini nchito wagweratu osatha kulipira ngongole zake. Taonani pa doko: mwini ukonde akagulitsa usipa, anyamata okoka amalandira gawo lao pompo, manja asanaume, pakuti onse adaona nsomba ndipo onse adamva mtengo. Inu citani comweco. Ngati nzoona kuti mwini nyumba sanalipire, onetsani amisiri mapepala ndi mauthenga, pitani nao kwa iye, mukalankhule pamodzi. Ngati kwabwera theka, gawani thekalo molingana ndi cimene ali yense akudikira, inu mukhale otsiriza kutenga. Ndipo ngati muli ndi galimoto ziwiri pamene kalipentala wanu wagulitsa njinga, musanene kuti mulibe.

Inu eni nyumba, Ambuye Yezu adakunenani kale pa Luka mutu 14, pamene adacenjeza munthu wofuna kumanga nsanja kuti ayambe wakhala pansi nkuwerengera ngati ndalama zidzakwana. Ambiri amayamba ndi cikhulupiriro cabe, naonjeza khonde pano, bafa laciwiri apo, nchito iri mkati, ndipo potsiriza amadabwa kuti mtengo wakula. Wotere ndiye gwero la misozi yonse ya m'munsi. Koma ngakhale inu amene mudalipira zonse, musafulumire kusamba m'manja. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yonena za nchito, adaphunzitsa kuti kuseri kwa wolemba nchito weniweni kulinso ena amene zocita zao zimakhudza malipiro a wanchito, ndi kuti naonso ali ndi udindo. Ine ndikuona kuti mwini nyumba ali m'gulu limenelo. Lipirani m'zigawo, cigawo ciri conse citatha ndi kuonedwa. Musanapereke ndalama yotsiriza, funsani amisiri eni ake, pamaso, ngati alandira. Akakhala kuti sanalandire, khalani pansi atatu, mulembe kuti gawo lao mudzawapatsa m'manja, nkulicotsa pa la kontrakitala. Ndipo mmisiri akadza kudzapempha umboni wakuti inu mudalipira, mpatseni. Kapepala kameneko kangathe kumpulumutsa pa bwalo.

Tsopano inu amisiri, ana a Yosefe Woyera, cherani khutu, pakuti zambiri za lero nzanu.

Akulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Milandu yambiri imatayika tsiku loyamba, pamene anthu awiri agwirana canza pansi pa mtengo wa mango popanda wacitatu. Ngakhale mwini munda wamphesa wa m'fanizo la pa Mateyo mutu 20 adayamba wapangana mtengo ndi anchito oyamba asanalowe m'munda, ndipo madzulo mkangano udatha cifukwa pangano lidaalipo. Kulemba sikunyoza mnzako. Tengani tsamba la m'kope, mulembepo maina onse awiri, malo a nyumba, nchito yeniyeni, mtengo wake, amene adzagula katundu, ndi masiku olandirira: zakuti poyamba, zakuti mapaso akakwera, zakuti malata akatha. Musaine nonse, asainenso mboni, ali yense atenge lake. Kontrakitala akacita pangano m'dzina la kampani, lembani dzina la kampaniyo monga liri pa cidindo cake, pakuti tsiku la mlandu nkofunika kudziwa amene mukumusumira. Nchito ikaonjezedwa pakati, lembaninso, ngakhale ndi uthenga wa pa foni umene iye ayankhe. Jambulani zithunzi cigawo ciri conse cikatha. Mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba musamafufute. Ndipo musanayambe, funsani amisiri anzanu za munthuyo. Funsaninso kalata yake yolembetsera, pakuti ciyambire lamulo la 1996, limene lidakhazikitsa National Construction Industry Council, akontrakitala m'dziko muno amayenera kulembetsa. Wokwiya pofunsidwa kalata wakuuzani kale zambiri.

Cigawo cimodzi cikadutsa osalipidwa, imani. Musakwere pa denga laciwiri ndi ngongole ya loyamba. Pamene nchito isanathe muli ndi mphamvu. Ikatha, mwatsala ndi pakamwa pokha.

Nanga amene madzi afika kale m'khosi atani? Ambuye adatipatsa makwerero pa Mateyo mutu 18, ndipo nzeru ya makolo athu siisiyana nao. Yambani kupita nokha, masana, osaledzera, osatukwana, muli ndi kope lanu m'manja. Cimene mukufuna pa ulendo woyambawu si ndalama yokha ai. Mukufuna kuti iye abvomere ngongoleyo polemba: ndalama zakuti, ndidzapereka pa tsiku lakuti. Akapempha kupereka pang'onopang'ono, bvomerani, koma masiku alembedwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akakana, bwererani ndi anthu awiri kapena atatu, makamaka amene adaona nchito. Ngati amisiri omanidwa muli angapo, pitani pamodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wozembayo amakonda kukumana nanu mmodzimmodzi, kuti wina ampatse pang'ono, wina amnamize kuti mnzake ndiye adaononga. Akakanabe, nkhani ipite kwa akulu: kwa a mphakati ngati ndi mkristu, kwa akulu a mzikiti ngati ndi msilamu, kwa anyakwawa a mudzi umene nyumba iri. A bungwe la Cilungamo ndi Mtendere la m'parishi alipo cifukwa ca zotere.

Zikakanika zonsezi, lembani kalata yomaliza yochula ndalama, nchito, ndi tsiku limene mudzapita ku bwalo akapanda kulipira. Sungani ina yofanana nayo. Apa mudziwe khomo loyenera kugogoda. Munthu wolembedwa nchito, wolandira pa tsiku kapena pa mwezi, amadandaula ku ofesi ya zanchito ya pa boma, monga lamulo la 2000 la Employment Act linenera, ndipo nkhani yake ingathe kufika ku Industrial Relations Court. Koma mmisiri amene adatenga nchito yathunthu pa mtengo wake, ndi zida zake ndi anyamata ake, mlandu wake ndi wa ngongole ya pangano. Khomo lake ndi khoti la majisitireti, kapena High Court ndalama zikakhala zambiri. Alembi a pa khoti adzakuuzani za samani ndi ndalama yolembetsera, ndipo wosowa colipira loya apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Mukapambana iye nkukanabe, khoti lingathe kutuma a sherifu kukalanda katundu wake ndi kumgulitsa. Tsono musakhulupirire kwambiri mwambi wakuti mlandu suola. Pamaso pa Mulungu suoladi. Koma lamulo la dziko limapereka zaka 6 zokha zosumira ngongole ya pangano, ndipo zisanathe nkomwe mboni zimasamuka, makope amadyedwa ndi ciswe, kampani imasintha dzina.

Pali cinthu cimene cimawawa amisiri ambiri akacimva, koma ndi bwino mucimve kuno kusiyana ndi kukacimva ku khoti. Amene mungathe kumsumira ndi amene mudapangana naye. Ngati mwini nyumba sadalonjeze kanthu kwa inu, lamulo silimkakamiza kukulipirani, ngakhale akugona pansi pa malata amene mudakhoma. Ku America kuli lamulo lina, loyambira ku Maryland m'caka ca 1791 pamene ankakonzekera kumanga mzinda wa Washington, lolola mmisiri kulembetsa ngongole yake pa nyumba yomwe adamanga, kuti ikhale ngati cikole. Malamulo a ku England, kumene athu adacokera, sadatsate njira imeneyo. Ncifukwa cake ndidati pangano la anthu atatu ndi la mtengo wapatali: mwini akasaina kuti adzakupatsani m'manja, pamenepo mwamgwira.

Ndipo popeza mkwiyo ndi phungu woipa, ndikuletseni zitatu. Musapite usiku kukazula zitseko, mawaya kapena malata amene mudaika. Cakhomedwa pa nyumba casanduka ca nyumbayo, ndipo inu amene mudaali wodandaula mudzagona m'citokosi monga wakuba. Musapite kwa apolisi kuti akamuopseze. Ngongole wamba si mlandu wa polisi, pokhapokha pali cinyengo coonekeratu, monga munthu wolandira ndalama ndi maina abodza. Ndipo musapite kwa sing'anga kuti nyumbayo isagonedwe kapena kuti kontrakitala atupe miyendo. Mudzataya nkhuku ndi ndalama zotsala, mudzataya ndi mtendere wa mzimu wanu, ngongole iri pomwepo.

Ena a mtima wofatsa amafunsa ngati mkristu aloledwa kusumira mnzake, popeza Paulo Woyera adadzudzula Akorinto cifukwa cotengerana ku mabwalo akunja. Werengani mutu 6 wonsewo: amene Paulo akumcititsa manyazi koposa ndi mbale wobera abale ake, ndi mpingo wosowa munthu mmodzi wanzeru woti nkuweruza pakati pao. Ndiye cifukwa tidati yambani ndi mphakati. Koma Ambuye yemweyo adasimba za mai wamasiye amene sadaleke kugogoda kwa woweruza mpaka adamthandiza, ndipo sadamdzudzule. Kukhululukira munthu ndi lamulo la onse. Kusiya ngongole ndi mphatso imene munthu amapereka pa zake zokha. M'ndalama imene mukuitsatayo muli gawo la mnyamata wa matope, la mai wotunga madzi, la ana anu. Zimenezo mulibe ufulu wozikhululukira. Tsatani ndalama, cidani mucisiye. Ndipo tsiku limene mudzalandira, kumbukirani kuti kwa anyamata anu kontrakitala ndinu: alipireni musanalowe m'sitolo. Mmisiri amene adagulitsa matumba awiri a simenti kuseri, nacepetsa muyeso wa matope, kapena adalandira cigawo coyamba nkuthawira ku nchito ina, naye ali ndi cobweza, ndipo pa bwalo adzafunsidwa.

Aphunzitsi, mau otsala ndi anu. Pophunzitsa lamulo lacisanu ndi ciwiri, musamangochula mbala ya nkhuku ndi ya cinangwa. Nenani momveka kuti wosunga malipiro a mnzake dala ndi wakuba, ndi kuti chimo lotere silitha ndi kuliulula kokha: wolapa ayenera kukhala ndi mtima wotsimikiza kubweza, ndi kuyambapo monga angathere. Zakeyo wa ku Yeriko adachula cimene adzabweza, kanai, Ambuye asananene kuti cipulumutso calowa m'nyumba yake. Cobvuta canu ndikucidziwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka: kontrakitala uja ndiye adapereka simenti ya chalichi, ndiye amanyamula kwaya pa galimoto yake, kapena ndiye wapampando. Koma buku la Sira, pa mutu 34, limafanizira wopereka nsembe yocokera m'zinthu za amphawi ndi munthu wopha mwana bambo wake akuona. Mphatso yotere Eklezia saifuna. Mumuuze mwaulemu, pambali, kuti ayambe walipira amisiri, mphatso ibwere pambuyo. Maepiskopi athu m'kalata yao ya pa Lenti ya 1992 sadaope kunena za malipiro osakwanira pamaso pa boma la masiku amenewo. Ife tisaope munthu mmodzi wa m'mudzi mwathu. Kumbukiraninso kuti amisiri ambiri a kunyanja kuno ndi Asilamu, ena ndi a mipingo ina. Mkatolika akammana mmodzi wa iwo, pa doko ponse sanena dzina la kampani. Amanena kuti ndi uja amavala korona m'khosi.

Mukapemphedwa kukhala mboni ya pangano, musakane. Liwerengeni mokweza pamaso pa onse awiri, makamaka ngati wina sadziwa kuwerenga bwino, ndipo musunge tsamba lacitatu m'buku la chalichi. Mukaitanidwa kuyanjanitsa, khalani awiri monga mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe aja. Imvani mbali zonse, kaoneni nchito ndi maso anu, mutenge mmisiri wina wacikulire wosakondera kuti anene ngati denga lapendekekadi. Cimene agwirizana cilembedwe ndi masiku ake, ndipo tsiku likafika mupite kukafunsa.

Ndipo komiti iri yonse ya zomangamanga, kuyambira pa parishi mpaka ka chalichi kakang'ono ka ku Lifuwu kapena ku Thavite, itsegule buku lake sabata ino, ione ngati pali kalipentala, woumba njerwa kapena wopenta amene adagwira nchito pa nyumba ya Mulungu, pa sukulu kapena pa nyumba ya mphunzitsi, nauzidwa kuti adikire zokolola. Ngati alipo, belu latsopano ndi nsalu za pa guwa ziyambe zadikira. Aitanidwe Lamulungu likudzali, Misa itatha, alandire zake pamaso pa anthu awiri, asaine m'buku.